MAYI WOYEMBEKEZERA AKAVULALA KAFUPA KA KUMCHIRA

Nthawi ya dzinja ku chitsime, ku bafa ndi m'njira za kumunda kumaterera. Mayi wa pakati pa miyezi 8 akaterereka ndi ndowa pamutu, kawirikawiri amagwa chokhala. Ambiri amangodzuka, kusansa chitenje ndi kupitiriza ulendo, koma pofika madzulo akulephera kukhala pansi. Ena amabisa chifukwa malo opwetekawo ndi ochititsa manyazi kutchula. M'phunziro lino tiona chimene chimavulala, choyenera kuchita tsiku lomwelo, ndi momwe banja lingathandizire mayi kufikira atachira.

Kodi kafupa kameneka ndi kotani?

Msana wa munthu umathera pa kafupa kakang'ono kosongoka kamene kali pakati pa matako. Kafupaka ndi timafupa 3, 4 kapena 5 tolumikizana. Ngakhale ndi kakang'ono, ntchito yake ndi yaikulu. Minofu imene imagwira chiberekero, chikhodzodzo ndi njira ya chimbudzi imamangirira pomwepo, ndiponso munthu akakhala pansi motsamira kumbuyo, thupi limalemera pa kafupa komweka.

Mayi akakhala ndi pathupi, thupi lake limatulutsa michere yofewetsa mitsempha yomanga mafupa a m'chiuno kuti mwana adzapeze njira. Kufewako ndi kwabwino, koma kumachititsa kuti kafupaka kasunthe msanga. Kuyambira sabata ya 28 mimba imakokera thupi kutsogolo, mayi saonanso bwino pamene akuponda, ndipo m'masabata omaliza mutu wa mwana umayamba kutsikira m'chiuno ndi kukanikiza malo omwewo. Ndi chifukwa chake ena amamva ululu ngakhale sanagwe.

Tsiku logwa: pitani ku chipatala

Mayi wa pakati potopa akagwa, nkhani yoyamba si kafupa ayi, koma mwana. Kugwa kungachititse kuti nsengwa, imene mwana amadyera ndi kupumira, imatuke ku chiberekero nthawi isanakwane. Nthawi zina magazi amatayikira mkati osaoneka kunja. Choncho mayi apite ku chipatala tsiku lomwelo ndi kabuku kake ka ku sikelo, ngakhale akumva bwino, osadikira tsiku lake la sikelo.

Musachedwe ngakhale ola limodzi, usana kapena usiku, mukaona izi:

1. Kutaya magazi kapena madzi ku njira ya abambo.
2. Mimba kuuma gwa, kupweteka kosalekeza, kapena matenda kuyamba nthawi isanakwane.
3. Mwana kusiya kugunda kapena kugunda mochepa kusiyana ndi masiku onse.
4. Chizungulire kapena kukomoka.
5. Dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, dzanzi pakati pa miyendo, kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi kutuluka zokha.

Anamwino akamva mtima wa mwana ndi kuona kuti zonse zili bwino, pamenepo ndiye tiyambe kusamala kafupa. Kafupaka sakaika pulasitala. Kaya kangosupuka, kaya kathyoka, chisamaliro chake ndi chimodzimodzi, ndipo nthawi zambiri sipafunika kujambula. Kusupuka kumapola pa masabata 4 kapena kuposerapo pang'ono. Kuthyoka kumatenga masabata 8 mpaka 12.

Chisamaliro cha pakhomo

Kakhalidwe. Kukhala pa mphasa motambalala miyendo ndi kutsamira khoma kumaunjika thupi lonse pa kafupa kovulala. Ndi bwino kukhala pa mpando, moweramira kutsogolo pang'ono, mapazi ali pansi. Pindani chitenje kapena bulangete ngati nkhata yaikulu, musiye mpata kumbuyo kuti malo opweteka asakhudze mpando. Nkhata imeneyi muziyenda nayo ku tchalitchi, ku maliro ndi m'minibasi. Pakapita mphindi 20 kapena 30 imirirani, yendani pang'ono. Podzuka, weramirani kutsogolo ndi kukankha ndi manja.

Kagonedwe. Gonani cham'mbali, mtsamiro kapena nsalu yopinda ili pakati pa mawondo. Kugona chagada kumapweteketsa kafupa, komanso kuyambira sabata ya 28 sikwabwino kwa mwana, pakuti mimba imapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima.

Kuthowa. Masiku 2 oyamba ikani nsalu yoviika m'madzi ozizira kwa mphindi 15, kangapo pa tsiku. Pambuyo pake thowani ndi madzi ofunda, osati otentha, pa malo opweteka pokha. Pa mimba ayi. Wina asasisite mwamphamvu kapena kuyesa kuwongola kafupa.

Chimbudzi. Kudzimbidwa kumaonjezera ululu chifukwa cha kudzikakamiza. Imwani madzi ambiri, idyani nsima ya mgaiwa, ndiwo zamasamba monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso, ndi zipatso monga mapapaya akupsa ndi mango. Mankhwala oonjezera magazi a ku sikelo amatha kuumitsa m'mimba, koma musawasiye, fotokozerani anamwino.

Ntchito. Kutunga madzi, kusinja, kusenza nkhuni ndi kulima mowerama ziyambe zaima. Kabaza ndi njinga yamoto pa msewu wa mabampu zimabwezera ululu pambuyo, choncho zikweredwe pokhapokha palibe njira ina yofikira ku chipatala. Komabe kungogona tsiku lonse sikuthandiza. Kuyenda pang'onopang'ono pa malo osaterera ndi kofunika.

Chenjezo pa mankhwala

Mankhwala opha ululu amene achipatala amalola kwa mayi woyembekezera ndi Panado. Wamkulu amamwa mapiritsi 2 a 500 mg, osapitirira maulendo 4 pa tsiku, ndiye kuti mapiritsi 8 pa maola 24. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene ambiri amagula pa okala, ndi oopsa miyezi yomaliza: amachepetsa madzi amene mwana amakhalamo ndipo angatseke msanga kamtsempha ka pafupi ndi mtima wa mwana kamene kayenera kutsekeka atabadwa. Aspirin musamwe pofuna kupha ululu. Koma ngati adokotala anakulemberani wochepa mphamvu chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, pitirizani monga anakuuzirani.

Kutema mphini sikulumikiza fupa, kumangotsegula khomo la matenda. Ndipo wina asanene kuti popeza mayi akuvutika, timupatse mwanamphepo kuti achire msanga. Mankhwala ofulumizitsa matenda otere angang'ambe chiberekero ndi kupha mayi ndi mwana yemwe.

Nanga tsiku lochira?

Amayi ambiri amaopa kuti adzafunika opaleshoni. Kuvulala kwa kafupaka pakokha nthawi zambiri sikuletsa kubereka bwinobwino. Mwana akamatuluka, kafupaka kamapatukira kumbuyo, ndipo kamapatuka mosavuta mayi akagona cham'mbali kapena akagwada manja ali pansi, kusiyana ndi kugona chagada. Uzani anamwino ku sikelo kuti alembe m'kabuku, ndipo mukawakumbutse pofika ku chipinda chochirira. Kufunsa kagonedwe kochepetsa ululu ndi ufulu wanu, si mwano ayi. Ngati kwanu ndi kutali, pitani msanga ku chidikiro. Mutachira, yamwitsani mwana mutagona cham'mbali, ndipo ululu ukapitirira miyezi 2 kapena 3 bwererani ku chipatala.

Udindo wa tonse

Bala ili silioneka, ndiye nkwapafupi kumunena mayi kuti ndi waulesi. Abambo, ndowa ndi nkhwangwa zikhale zanu masiku amenewa, ndipo ndalama ya ulendo wa ku chipatala ikhale yosungiratu. Apongozi ndi alamu, musamuuze kuti alimbe mtima pamene akufunika kuonedwa ndi anamwino. Anansi ndi a mumphakati, gawanani masiku otungira madzi ndi opita ku chigayo. Mutu umodzi susenza denga. Thirani miyala kapena njerwa zoswa pa mjigo ndi pa khomo la bafa mvula isanayambe.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi malo ati m'mudzi mwathu amene amayi amagwerapo kawirikawiri? Tiwakonza liti, ndipo atsogolere ndani?
2. Mayi woyembekezera atagwa usiku uno, tingamufikitse bwanji ku chipatala?
3. Ndi ntchito ziti za pakhomo zimene abambo angatenge kuyambira lero?