CHISOTI CHA NJINGA YAMOTO CHIFUNIKA UKHONDO

Masiku ano odwala ambiri amafika ku chipatala pa njinga yamoto ya kabaza. Koma kawirikawiri wokwera akapatsidwa chisoti, chimene ena amachitcha helemeti, amangochifumbata pamiyendo osachivala, chifukwa chakuti chikununkha. Ngozi ikachitika, mutu wake umamenyetseka pansi wopanda chotchinjiriza. Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse likuti chisoti chovalidwa bwino chingathe kuchepetsa kuvulala kwa ubongo ndi magawo ofika 74 mwa 100. Tsono fungo limene limaletsa munthu kuvala chisoti lingathe kumuphetsa.

Gwero la fungo

M'kati mwa chisoti muli nsalu ndi chinkhupule zimene zimamwa thukuta, mafuta odzola ndi fumbi. Tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana m'malo ofunda ndi achinyezi otere, ndipo nditimene timadzetsa fungo. M'nyengo ya dzinja chisoti chosungidwa chonyowa chimachitanso nkhungu.

Matenda opatsirana

Chisoti chimodzi chikamavalidwa ndi anthu ambiri chingathe kufalitsa chipere cha m'mutu, makamaka kwa ana, pakuti mbewu za nthendayi zimakhala zamoyo pa nsalu kwa miyezi ingapo. Nsabwe nazo zingatsalire m'menemo. Izo siziuluka kapena kudumpha, ndipo zikachoka pamutu zimafa pasanathe masiku awiri, koma chisoti cha kabaza chimafika pa mutu wina ola lomwelo.

Katsukidwe kake

Mwini njinga ayenera kutsuka chisoti kamodzi pa mlungu, kapena kuposa apo ngati amanyamula anthu.

1. Ngati nsalu ya m'kati ndi yochotseka, aichotse ndi kuichapa m'madzi ofunda ndi sopo wosambira. Ngati ndi yosachotseka, aipukute ndi kansalu konyikidwa m'thovu la sopo.
2. Atsukuluze ndi madzi oyera kufikira sopo yense atatha, chifukwa wotsalira amayabwitsa khungu.
3. Asaiwale lamba wa pachibwano, pakuti nayenso amamwa thukuta.
4. Galasi alipukute ndi kansalu kofewa konyowa. Nsalu youma imalikanda ndi mchenga, ndipo galasi lokandika limasokoneza maso usiku.
5. Ayanike pamthunzi popita mphepo kufikira chitaumiratu.
6. Fungo likapitirira, awazemo soda wouma, yemwe uja amathira mu therere, madzulo, ndi kumukutumula m'mawa.

Zoyenera kupewa

Pansi pa chikamba cholimba cha kunja pali chinthu choyera chopepuka, chonga chimene amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni. Chimenechi ndicho chimalandira mphamvu ya ngozi m'malo mwa mutu. Petulo amachisungunula, ndipo palafini, mankhwala ophera tizilombo ndi kutentha kwa moto zimachifooketsa ngakhale kunja kukuoneka bwino. Motero chisoti chisatsukidwe ndi zinthu zimenezi, chisayanikidwe pa mbaula, ndiponso chisasiyidwe pa thanki ya petulo. Mafuta onunkhiritsa amangobisa fungo osachotsa litsiro. Chisoti chimene chinamenyetsekapo kolimba pa ngozi chiyenera kusinthidwa, chingakhale choyera chotani.

Udindo wa wokwera

Wokwera angadziteteze povala duku kapena kansalu koyera kopyapyala m'mutu asanavale chisoti, ndi kukachapa akafika kwawo. Chipewa chochindikala sichiyenera, chifukwa chisoti sichikhala bwino pamutu. Lamba amangidwe nthawi zonse.

Mwana amene tsitsi likusosoka mozungulira, kapena amene akukanda m'mutu kosalekeza, apite naye ku chipatala msanga. Chipere cha m'mutu sichitha ndi mankhwala opaka okha. Chimafuna mapiritsi akumwa kwa milungu ingapo, ndipo ayenera kumwedwa onse monga alangizira achipatala. Kufikira mwanayo atachira, chisoti, chipeso ndi chopukutira chake zisabwerekedwe kwa ana ena.