Kalulu ndi njovu m'bwalo limodzi: mkangano wa mu MechWarrior Online

Kunja kuno aliyense ali ndi njira yake yothetsera kusungulumwa. Ena ndi mpira wa pa TV, ena ndi kwaya ya kutchalitchi. Ine, ndikaweruka shifiti kuchipatala, ndimayatsa kompyuta n'kusewera MechWarrior Online, gemu ya pa intaneti yomwe kampani ya Piranha Games ya ku Vancouver, Canada, inatulutsa mu 2013. Musaseke, abale. Muli azibambo ndi azimayi a msinkhu wanga ambiri ndithu, ndipo muli mkangano womwe watenga zaka osatha.

Mu gemuyi munthu amayendetsa chiloboti chankhondo chotchedwa mech, ndipo magulu awiri a anthu 12 amathirana machaka. Malobotiwa ali m'magulu anayi potengera kulemera: opepuka a matani 20 mpaka 35, apakati a 40 mpaka 55, olemera a 60 mpaka 75, ndi zimphona za 80 mpaka 100. Funso lomwe limadanitsa anthu ndi ili: kodi kaloboti ka matani 20 kaziloledwa kugwetsa chimphona cha matani 100?

Tiyerekeze awiri. Atlas, wa matani 100, amatha kuvala chishango cha mapointi oposa 600, koma amayenda mokwawa, pafupifupi makilomita 50 pa ola. Locust, wa matani 20, chishango chake n'chosakwana mapointi 150, koma amathamanga kuposa makilomita 150 pa ola. Moyo wake wonse wagona pa miyendo. Mwendo umodzi ukaduka liwiro latha, ndipo ikaduka yonse iwiri wafa basi.

Oyendetsa zimphona ali ndi dandaulo lomveka. Pafupifupi aliyense amaunjika chishango kutsogolo n'kusiya msana wopyapyala. Ndiye kabwere ka Piranha, ka matani 20 konyamula mfuti zachiwaya 12, kazembere kumbuyo n'kuyamba kuboola. Chimphona chisanatembenuke, injini yaphulika. Munthu wasonkhanitsa ndalama za mu gemu kwa milungu, mwina walipira ndalama zenizeni, n'kuphedwa ndi kanthu komufika m'mawondo! Zimawawa.

Koma ife a timaloboti tating'ono tili ndi yankho. Chimphona chikalakwitsa chimapirira zipolopolo zingapo n'kubisala. Ife tikangokhumudwa pa mwala, kapena kuima kwa sekondi imodzi, zatha. Palinso mizinga ya Streak yomwe imalondola yokha ikangokugwira m'diso, ndipo imathana ndi othamanga mosavuta. Chimphona chomwe chaphedwa ndi kaloboti kamodzi kawirikawiri chimakhala kuti chinatsalira chokha m'mbuyo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Eni gemu ayesa njira zingapo. Mu 2014 anabweretsa lamulo loti gulu lililonse lizikhala ndi maloboti atatu a mtundu uliwonse, koma linavuta kulitsatira chifukwa anthu ambiri amakonda olemera. Chaka chomwecho anayamba kupatsa maloboti ofooka timphamvu tapadera totchedwa quirks. Mu 2016 anakonzanso kukula kwa matupi kuti kuzigwirizana ndi matani. Locust anachepa, koma ena a matani 35, monga Jenner, anakula n'kusanduka chandamale chosavuta. Kuyambira mu 2021, gulu la osewera lotchedwa The Cauldron lakhala likuthandiza kampani kukonza manambala a zida.

Pali china chomwe azungu anzathu sachiganizira kwenikweni. Kulibe seva ya gemuyi mu Africa. M'bale amene akusewera ali ku Johannesburg kapena ku Harare amalumikizana ndi seva ya kutali, monga ya ku Ulaya, ndipo zochita zake zimafika mochedwerapo poyerekeza ndi za ine amene ndili kufupi. Pa Atlas kuchedwako sikuvuta kwambiri. Pa Locust, pomwe kukhota kumodzi ndi moyo kapena imfa, ndi nkhani yaikulu. Ngati intaneti yanu imadukiza, yambani ndi loboti yapakati ngati Hunchback ya matani 50. Mudzapewa kuswa kiyibodi.

Maganizo anga ndi akuti vuto lalikulu lili pa malipiro. Gemuyi imapereka ndalama zake, ma C-Bills, makamaka kwa amene wavulaza ndi kupha adani ambiri. Koma ntchito yeniyeni ya opepuka ndi ina: kuzonda komwe adani ali, kuwaloza ndi TAG kapena NARC kuti mizinga ya anzako iwapeze, kubisa gulu ndi ECM monga amachitira Raven 3L, ndi kulanda malo mu Conquest. Zonsezi zimapambanitsa gulu, koma mphotho yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya kuwombera. Ndiye wopepuka atani? Amasiya uzondi n'kukasaka misana ya zimphona, kenako zimphonazo n'kumalira. Ife anamwino timaidziwa bwino nkhani ya ntchito yofunika koma yosawerengedwa.

Atakweza mphotho ya uzondi, ambiri akanabwerera ku ntchito yawo ndipo madandaulo akanachepa popanda kudula mfuti za wina aliyense. Pakadali pano, inu a zimphona, yendani pafupi ndi anzanu, siyaniko chishango pamsana, ndipo kakalulu kakafika lozani miyendo.