Wolemba Nkhani ya M'tauni Ayambe Wafunsa Amayi

Amayi anzanga, sabata ino tipumuleko pa za kuphika ndi kusoka, tikambe za mabuku. Ambiri mwa inu muli ndi ana amene akangolemba mayeso a Fomu 4 amagula kope n'kuyamba kulemba nkhani yaitali yopeka. Ena mwa inu mumalemba nokha usiku ana atagona. Kawirikawiri mtsikana wa m'nkhanizi amachoka kumudzi kupita ku Blantyre, ndipo pamenepa ndi pamene olemba ambiri amaterereka, pakuti tauniyo saidziwa. Mtsikana uja amangotsika basi, wapeza nyumba, wayamba ntchito, ngati kuti nyumba ya lendi imatoledwa pamsewu.

Anthu a m'nkhani ndi opeka, koma malo amene akukhala asakhale abodza. Mayi wa ku Ndirande akawerenga kuti munthu wachoka kwawoko wapansi ndipo m'mphindi zisanu wafika kumsika wa Limbe, amatseka bukulo. Zotsalazo sazikhulupiriranso, ngakhale maliro amene.

Ndikuuzeni za mlembi wina wa ku Ireland, dzina lake James Joyce. Buku lake lotchuka, Ulysses, lidatuluka mu 1922, ndipo nkhani yonse imachitika mumzinda wa Dublin pa tsiku limodzi, 16 Juni 1904, ndi usiku wake. Iye polemba sadali ku Dublin. Adalembera ku Trieste, ku Zurich ndi ku Paris, ndipo kwawo adapondako komaliza mu 1912. Adali ndi mapu, adalinso ndi buku lalikulu lotchedwa Thom's Directory lonena za misewu, masitolo ndi okhala m'nyumba. Koma zimene mapu sakanatha kumuuza ankazifunsa m'makalata kwa mayi wina wapabanja wa ku Dublin komweko, Josephine Murray, mkazi wa amalume ake. Mu 1921 adawafunsa ngati munthu wamba angathe kukwera mpanda wachitsulo wa nyumba nambala 7 ya mu Eccles Street n'kudzigwetsera kunsi osavulala. Chifukwa chake n'chakuti m'nkhanimo mwini nyumba waiwala kiyi, ndipo ayenera kulowa motero. Taganizani, munthu wodziwa zinenero zambiri, koma za mpanda akufunsa amayi! Mnzake wa ku France, Émile Zola, asanalembe L'Assommoir ya mu 1877, yonena za mayi wochapa zovala za eni, adayendera yekha dera la anthu osauka la Goutte-d'Or ku Paris, namajambula misewu yake papepala.

Tsono ngati akatswiri otere ankafunsa, mwana wanu asachite manyazi. Paja safunsa adadya phula.

Poyamba asankhe dera limodzi. Kunena kuti Blantyre kokha sikukwanira, chifukwa Sunnyside si Mbayani, ndipo Bangwe si Chilomoni. Akasankha Ndirande, apiteko ndithu, ndipo apite pa nthawi zosiyanasiyana. Dera la m'tauni lili ndi nkhope ina mbandakucha, pamene zidebe ndi zigubu zandanda pakiyosiki ya madzi ndipo abambo akutsikira wapansi kumafakitale a ku Makata. Lili ndi nkhope ina masana, ina madzulo pamene utsi wa mbaula wadzaza tinjira. Apite m'dzinja aone matope ndi mtsinje wa Nasolo utadzaza. Apitenso mu Juni chiperoni chitakuta phiri, aone mmene zovala zimakhalira pachingwe masiku atatu osauma.

Koma maso okha sangamuuze zonse, ndipo apa ndi pamene inu amayi muli aphunzitsi. Ndani adziwa kuti pamdadada wa nyumba za lendi mabanja asanu ndi limodzi amagawana bwanji bafa limodzi, ndiponso kuti mkangano umayamba pa tsiku la ndani losesa kuchimbudzi? Ndani adziwa nkhope ya alandilodi pa 5 mwezi, kapena kuti pakati pa mwezi ufa umagulidwa wa kaphukusi kongokwana nsima imodzi, mafuta oyezera pasupuni, makala a kamulu? Bambo amachoka m'mawa n'kubwera usiku. Amene amadziwa mpopi wouma, chigayo chotchipa ndi khomo lobwerekako mchere ndi mayi. Ine ndimaona kuti nkhani zambiri za m'tauni zimamveka zozizira chifukwa wolemba adafunsa amuna okhaokha, nalemba za mabala ndi maofesi, osalowa kukhitchini.

Inunso a kumudzi musadzipatule. Amene adakhalitsa m'tauni adaiwala mmene mtima umagundira tsiku loyamba kutsika pa Wenela, katundu ali pamutu, wodzakuchingamira osaoneka. Inu mukukumbukira, ndipo mtsikana wa m'buku uja afunika mantha amenewo.

Chinthu china chimene chimagwetsa olemba ndi chaka. Mzinda umasintha, choncho wolemba adziwe kuti nkhani yake ikuchitika liti. Ngati ndi 1969, mayi kumsika akulipira mashiling'i ndi mapeni, pakuti kwacha ndi tambala zidabwera mu 1971. Ngati ndi 1972, likulu la dziko likadali ku Zomba. Lidasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ngati ndi 1980, mtsikanayo sangayende mu Victoria Avenue atavala buluku, chifukwa lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo lidakhalapo zaka pafupifupi 20. Phiri la Ndirande nalo m'masiku amenewo lidali ndi mitengo yambiri, imene idadulidwa m'zaka za m'ma 1990. Ndipo wolemba za Chilobwe ya pambuyo pa Malichi 2023 sangalembe ngati kuti namondwe wa Freddy sadagwetse matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Anthu a kumeneko adaika abale awo m'manda. Nkhani yotere ifunsidwe modekha, ndipo wosafuna kuyankha asakakamizidwe.

Wosankha Lilongwe achenjere ndi manambala a madera. Sanandandalikidwe motsatana ayi, ndipo wongowerenga manambala angaike nyumba ziwiri moyandikana pamene pakati pake pali ulendo wa minibasi.

Za kafunsidwe, mumuuze mwana wanu zimene mumadziwa kale. Apite ndi munthu wodziwika kuderalo, apereke moni, ndipo ngati adzabwerabwera akadziwonetse kwa amfumu. Asatulutse kope pamaso pa anthu, angamuyese wa msonkho kapena wogawa thandizo. Agule tomato, akhale pachigayo, amvetsere, akalembe akafika kunyumba. Zithunzi za anthu asajambule asanapemphe.

Pali chimodzi chimene sindilolera. Msewu ukhale weniweni, msika weniweni, koma nyumba ndi banja zikhale zopeka. Mayi amene wakuuzani za mavuto a m'banja mwake wakukhulupirirani. Akadzadzipeza m'buku, khomo lake lobiriwira ndi mtengo wa mapeyala zili momwemo, anansi onse adzamuloza chala, ndipo mwina ukwati wake udzagwedezeka. Sinthani dzina, sinthani chiwerengero cha ana, samutsirani nyumbayo kutsidya kwa mtsinje.

Nkhani ikatha kulembedwa, ipatseni mayi wa kuderako awerenge, kapena muwerengereni mokweza. Akaseka pamene simunafune kuti aseke, pindani tsambalo, ndipo Loweruka mubwerere komweko mukaonenso.