Mmene Laibulale ya Pakompyuta Imafikira Mwana wa Sukulu ku Chadiza

Kuyambira mu January 2022, pamene boma la Zambia linathetsa malipiro m'sukulu zake kuchokera ku sukulu za mkaka mpaka giredi 12, ana ambiri amene anali atakhala pakhomo anabwerera m'makalasi, ndipo ngakhale kuti chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000, mabuku sanachuluke mofulumira monga mmene ana anachulukira. M'boma la Chadiza, lomwe lili m'Chigawo cha Kum'mawa, kumwera kwa Chipata ndipo limachita malire ndi Mozambique, sukulu zambiri zili m'midzi ya mafumu monga Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, kutali ndi laibulale ya chigawo ya ku Chipata imene imayang'aniridwa ndi Zambia Library Service, nthambi ya boma imene inayamba mu 1962. N'chifukwa chake laibulale ya pakompyuta, imene ndi nkhokwe ya mabuku, zithunzi, mavidiyo ndi mafunso osungidwa m'makina m'malo mwa mapepala, ikutchulidwa kawirikawiri ngati njira yochepetsera kusowa kwa mabuku. Koma buku laulere silifika lokha m'manja mwa mwana, pakuti limadutsa pa chilolezo cha mwini wake, pa makina, pa magetsi, pa mphunzitsi ndi pa ndalama za boma, ndipo nzika imene ikudziwa njira yonseyi imadziwanso pamene ingafunse zinthu zikaima.

Tanthauzo la ulere pa malamulo

Buku lililonse lili ndi mwini, ndipo ku Zambia umwini umenewu umatetezedwa ndi lamulo la 1994 lotchedwa Copyright and Performance Rights Act, lomwe limaletsa kukopera ndi kugawa ntchito ya wina popanda chilolezo, kupatula pa zochepa zimene lamulolo limalola. Choncho buku lojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp silikhala laulere chifukwa chakuti wolilandira sanalipire kanthu. Zimene sukulu ingagwiritse ntchito mopanda mantha ndi zimene eni ake anaziika pansi pa chilolezo chotseguka, ndipo ziphaso zodziwika kwambiri za mtunduwu ndi za Creative Commons, bungwe la ku America limene linayamba mu 2001. Ziphasozi zimasiyana: zina zimalola kukopera, kusindikiza, kumasulira ndi kusintha malinga dzina la mlembi litatchulidwa, zina zimaletsa kugulitsa, pamene zina zimaletsa kusintha kalikonse. Bungwe la UNESCO linayamba kukamba za zipangizo zophunzirira zotseguka mu 2002, ndipo mu 2019 mayiko amene ali mamembala ake anavomereza malangizo olimbikitsa maboma kuti zophunzirira zopangidwa ndi ndalama za anthu zizikhala zotseguka kwa anthuwo. Kwa mphunzitsi wa ku Chadiza, phindu la chiphaso cholola kumasulira ndi kusintha n'loti akhoza kutenga nkhani yolembedwa ku Kenya kapena ku South Africa, n'kuimasulira m'Chinyanja, n'kuisindikiza kuti ana onse a m'kalasi akhale nayo, osapempha chilolezo kwa munthu aliyense.

Kumene zophunzirira zimachokera

Gwero loyamba ndi boma lenilenilo. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha mliri wa COVID-19, Unduna wa Zamaphunziro mogwirizana ndi kampani ya Zamtel unatsegula tsamba la maphunziro a pa intaneti pamodzi ndi Smart Revision, yothandiza ana kubwereza mafunso a mayeso, ndipo mu 2022 undunawu unakhazikitsa Learning Passport, nkhokwe imene UNICEF inakonza ndi kampani ya Microsoft, momwe mumaikidwa maphunziro otsatira silabasi ya dziko lino. Ubwino wa gwero limeneli n'ngwakuti zili m'menemo zimagwirizana ndi zimene bungwe la Examinations Council of Zambia limafunsa pa mayeso.

Gwero lachiwiri ndi nkhokwe za timabuku ta ana oyamba kuwerenga. African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula mu 2014, ili ndi nkhani za zithunzi m'zilankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chinyanja, ndipo zinasanjidwa potsata msinkhu wa kawerengedwe, kuyambira pa mawu ochepa patsamba mpaka ndime zazitali. StoryWeaver ya bungwe la Pratham Books la ku India, Bloom Library ya bungwe la SIL ndi Global Digital Library yothandizidwa ndi dziko la Norway zimagwiranso ntchito yofananayo. Gwero lachitatu ndi la masamu ndi sayansi, monga mavidiyo a Khan Academy ndi zoyeserera za PhET za ku University of Colorado Boulder, momwe mwana amalumikiza mabatire ndi mababu kapena kusakaniza mankhwala pa kompyuta, zomwe zimathandiza kwambiri sukulu imene ilibe labotale. Palinso zokonzera aphunzitsi eni ake, monga za TESSA, ntchito imene Open University ya ku Britain inayambitsa mu 2005 pamodzi ndi makoleji a mu Africa.

Njira ziwiri zofikira ku sukulu

Njira yoyamba ndi ya intaneti, imene imafuna netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel, foni kapena kompyuta, ndiponso mabando, ndipo apa ndi pamene ulere wa buku umathera, chifukwa vidiyo imodzi ya phunziro imadya mabando ambiri kuposa timabuku tambirimbiri ta nkhani. Pofuna kupeputsa zimenezi, makampani a mafoni nthawi zina amagwirizana ndi boma kapena mabungwe kuti masamba ena a maphunziro azitsegulidwa osadula mabando, monga mmene mgwirizano wa zaka zisanu wa UNICEF ndi Airtel Africa wa 2021 unakonzera m'mayiko 13, Zambia ili momwemo. Komabe pangano lotere silithandiza pamene netiweki sifika kapena imangobwera munthu akakwera pachulu.

Njira yachiwiri, imene ikuyenera kwambiri sukulu za kumidzi, siifuna intaneti pa nthawi yophunzira. Zophunzirira zimakoperedwa kamodzi pamalo pamene pali netiweki yabwino, monga paboma pa Chadiza kapena ku Chipata, n'kuikidwa m'kakompyuta kakang'ono kotchedwa seva, kamene ntchito yake ndi kusunga ndi kugawira makina ena. Kasevako kamatulutsa Wi-Fi yake yomwe imafika m'kalasi, ndipo matabuleti, malaputopu kapena mafoni amalumikizana nako n'kumatsegula mabuku ngati kuti ali pa intaneti. Mapulogalamu opangidwira zimenezi ndi monga Kolibri wa bungwe la Learning Equality, amene amalola mphunzitsi kugawa ntchito ndi kuona pamene mwana aliyense wafika, RACHEL wa bungwe la World Possible, ndi Kiwix amene amasunga Wikipedia yathunthu. Njirayi inayesedwapo kale m'dziko lino, pakuti ntchito ya ZEST, imene Open University ndi World Vision anaigwira ndi unduna m'Chigawo Chapakati kuyambira mu 2017, inagwiritsa ntchito timakompyuta ta Raspberry Pi pofikitsa zophunzirira kwa aphunzitsi. M'boma la Katete, loyandikana ndi Chadiza, bungwe la Impact Network lakhala likuyendetsa sukulu za m'midzi kuyambira mu 2009, momwe mphunzitsi amagwiritsa ntchito matabuleti okhala ndi maphunziro a Mwabu, pulojekita ndi magetsi a dzuwa, ndipo chofunika kuchiona n'chakuti bungweli silisiya makina okha, koma limatumiza alangizi kukayendera aphunzitsi kawirikawiri.

Njira zonse ziwiri zimadalira magetsi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu February chaka chomwecho, chinatsitsa madzi a m'damu la Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola ambiri patsiku, zomwe zinaonetsa kuti ngakhale sukulu yolumikizidwa ku mawaya imafunika sola ndi mabatire. Mabatire amatha mphamvu pakapita zaka zingapo, ndipo sukulu imene sinaikepo ndalama zogulira ena imadzapezeka ili ndi makina abwinobwino osayaka.

Ntchito ya mphunzitsi

Nkhokwe yokhala ndi mabuku masauzande siiphunzitsa mwana wosadziwa chimene akufuna, choncho ntchito yaikulu ndi ya kusankha. Silabasi imakonzedwa ndi Curriculum Development Centre ku Lusaka, ndipo mphunzitsi amayenera kuyamba ndi mutu wa pa silabasi kenako n'kufufuza vidiyo, nkhani kapena mafunso oyenera mutuwo, osati kuyamba ndi vidiyo yosangalatsa n'kumaifunira malo. Zimenezi zakula kufunika kuyambira mu 2025, pamene ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023 inayamba kugwira ntchito, imene ikufupikitsa pulaimale kuti izithera giredi 6 ndi kubwezeretsa mafomu ku sekondale, chifukwa zina zokonzedwa potsata ndondomeko ya 2013 sizikugwanso pa kalasi imene zinalembedwera.

Mphunzitsi sasiyidwa yekha pa ntchitoyi, pakuti unduna uli ndi dongosolo lakale lotchedwa SPRINT, momwe aphunzitsi a sukulu imodzi amakumana m'magulu mkati mwa teremu kuti akonzere limodzi maphunziro, pamene sukulu zoyandikana zimapanga zoni yokhala ndi malo ake osungirapo zipangizo, ndipo pamwamba pake pali malo a boma lonse. Dongosolo limeneli ndi msewu wokonzeka kale woyendetsapo laibulale ya pakompyuta, chifukwa wina akakopera zophunzirira paboma, zikhoza kufika ku zoni pa fulashi kapena pa memore khadi, n'kugawidwa ku sukulu zonse popanda aliyense kugulanso mabando. Pamene makina ali ochepa, mphunzitsi amaonetsa phunziro pakhoma ndi pulojekita, kapena amagawa ana m'magulu osinthana, ena pa tabuleti, ena pa makope, kapenanso amasindikiza timabuku kuti ana apite nato kunyumba, komwe makolo ndi abale akhoza kuwamvetsera akuwerenga.

Chilankhulo ndi mbali ina yofuna maso a mphunzitsi. Kuyambira mu 2014 ana a giredi 1 mpaka 4 m'Chigawo cha Kum'mawa ankaphunzira m'Chinyanja, ndipo ngakhale ndondomeko ya 2023 yakweza malo a Chingerezi, mwana wa ku Chadiza amabwerabe ku sukulu akulankhula Chichewa cha kwawo. Zambiri za m'nkhokwe zapadziko lonse zili m'Chingerezi ndipo zitsanzo zake ndi za madola, chipale chofewa ndi masitima a pansi pa nthaka, pamene Wikipedia ya Chichewa ili ndi nkhani zochepa kwambiri poyerekeza ndi ya Chingerezi. Timabuku tochokera ku Malawi timathandiza, koma kalembedwe kovomerezeka m'sukulu za ku Zambia kuyambira mu 1977 kamalemba c pamene Amalawi amalemba ch, ndipo mwana amene akungoyamba kumene kuzindikira zilembo amafunika kuuzidwa za kusiyanaku, kapena mphunzitsi akonze kalembedwe asanasindikize ngati chiphaso chikulola.

Ndalama, udindo ndi malo a nzika

Popeza makolo salipiranso fizi, ndalama zoyendetsera sukulu zimachokera ku boma, ndipo mphunzitsi wamkulu amayankha za kagwiritsidwe kake kwa mkulu wa maphunziro m'boma, amene ofesi yake imadziwika ndi dzina loti DEBS. Zinthu zazikulu monga chipinda cha makompyuta kapena sola zikhoza kupemphedwa ku thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa CDF, limene linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndipo lakhala likukwerabe. Pempho limayambira kwa anthu a m'mudzi ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi, limapita ku komiti ya chitukuko ya wodi momwe mumakhalanso khansala, kenako ku komiti ya CDF ya dera lonse, ndipo likavomerezedwa khonsolo ya Chadiza ndiyo imagula zinthu kapena kupeza womanga. Njira ina ndi ya ZICTA, bungwe loyang'anira zamafoni ndi intaneti pansi pa lamulo la 2009, limene lili ndi thumba lofikitsira mautumikiwa kumadera otsalira ndipo lakhala likupereka makompyuta ku sukulu ndi kuthandiza kumanga nsanja za netiweki.

Makolo ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa sukulu mafunso osafuna ukatswiri wa makompyuta: makina alipo angati ndipo oyaka ndi angati, kalasi iliyonse imawagwiritsa ntchito maola angati pa sabata, atsikana ndi ana olumala akupeza mpata wofanana ndi anzawo kapena ayi, ndani amakonza akawonongeka, ndipo mphunzitsi wodziwa makinawo akasamutsidwa ndani adzatsale akudziwa. Mafunsowa ndi ofunika chifukwa mantha a kuba ndi kuwonongeka amachititsa kuti makina ena azingotsekeredwa mu ofesi, kumene amakhala otetezeka koma opanda phindu. Pamene sukulu yalumikizidwa ku intaneti pamabweranso udindo woteteza ana ku zithunzi zolaula ndi anthu achinyengo, ndipo lamulo la 2021 la Data Protection Act limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera mwana zinthu zokhudza mwanayo zisanasonkhanitsidwe ndi kugwiritsidwa ntchito.

Muyeso weniweni wa laibulale yotere si kuchuluka kwa matabuleti olembedwa m'kaundula wa katundu, koma chiwerengero cha ana amene akutha kuwerenga ndime n'kuimvetsa, chimene aphunzitsi a m'Chigawo cha Kum'mawa anazolowera kale kuchiyesa kudzera m'ntchito ya Catch Up, yomwe inayesedwa koyamba m'Chigawo cha Kum'mawa ndi Chakumwera mu 2016 ndipo imagawa ana potsata zimene akudziwa osati kalasi yawo. Chinanso n'chakuti nkhokwe monga African Storybook ndi Bloom Library zimalola aliyense kulemba ndi kuikamo buku lake, kotero kuti gulu la aphunzitsi a zoni imodzi likhoza kulemba za ulimi wa mtedza ndi soya, za mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika kapena nthano zimene agogo avomereza kuti zilembedwe, n'kuziika pansi pa chiphaso chotseguka kuti ziwerengedwenso ku Mchinji ndi ku Dedza m'Malawi ndiponso ku Angónia m'Mozambique. Kuchepa kwa mabuku a Chinyanja m'nkhokwezi kudzatha pokhapokha olankhula chilankhulochi atayamba kulembamo, ndipo ntchito imeneyo siidikira thumba la CDF kapena nsanja yatsopano ya netiweki, koma laputopu imodzi ndi nthawi yoikidwa pa ndondomeko ya msonkhano wa aphunzitsi.