Oimba Osabwereza Nyimbo: Luso la Grateful Dead

M'chaka cha 1968 gulu la oimba la Grateful Dead, la ku California m'dziko la America, lidatulutsa kachimbale ka nyimbo yotchedwa Dark Star. Nyimboyo inali yosakwana mphindi zitatu. Chaka chotsatira idatulukanso pa chimbale cha Live/Dead, chojambulidwa gululi likuimba pamaso pa anthu, koma itatalika kufikira mphindi 23. Mawu ake anali omwe aja. Chimene chidakula ndi kucheza kwa zoimbira, chifukwa oimbawo ankapeka njira zatsopano nyimbo ili m'kati.

Ena amayesa kuti kuimba kotere n'kungogogoda mwachisawawa. Komatu ufulu umenewu udachokera ku thukuta la zaka zambiri. Gululi lisanayambe mu 1965, Jerry Garcia, mwini gitala yotsogolera, anali atasula kale zala zake pa banjo m'nyimbo za bluegrass, ngakhale kuti chala chapakati cha dzanja lake lamanja chidaduka ali mwana. Phil Lesh adaphunzira lipenga, ndiponso kapekedwe ka nyimbo kwa katswiri wa ku Italy, Luciano Berio. N'chifukwa chake gitala yake ya besi sinkangosunga mugudu ayi, inkayenda njira yakeyake poyankha Garcia. Bob Weir ankatseka mipata pakati pa awiriwo, pamene Bill Kreutzmann ndi Mickey Hart, amene adalowa mu 1967, ankalandizana ng'oma. Aliyense ankaimba khutu lili kwa mnzake, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kuyenda kutali chotere kumafuna mudzi wobwererako, ndipo mudziwo unali nyimbo zopekedwa mosamala. Mawu a nyimbo zambiri adalemba ndi mlakatuli Robert Hunter, amene ankawerengedwa m'gululi ngakhale kuti ntchito yake inali ya cholembera. Zimbale ziwiri za mu 1970, Workingman's Dead ndi American Beauty, zidaonetsa kuti akatswiri otalikitsa nyimbo amathanso kunena zakuya mwachidule. Cumberland Blues ikamba za wogwira ntchito mumgodi, Casey Jones za woyendetsa sitima ya pamtunda. Box of Rain adaipeka Lesh bambo ake akudwala matenda amene adawatenga, Hunter n'kuikamo mawu.

Njira imeneyi inali ndi mtengo wake. Pa zaka makumi atatu gululi lidaimba pamaso pa anthu koposa ka 2,300, likusintha ndondomeko ya nyimbo usiku uliwonse. Usiku wina zinkagwirana modabwitsa, usiku wina zinkabalalika, ndipo omvera ankadziwa zimenezi pogula tikiti. Popeza panalibe usiku wofanana ndi unzake, gululi lidalola omvera kujambula okha nyimbo pa matepi, ndipo mu 1984 lidawapatulira malo ochitirapo zimenezi. Nyimbo yawo imodzi yokha, Touch of Grey ya mu 1987, ndiyo idalowa m'gulu la nyimbo khumi zotchuka koposa ku America.

Garcia adamwalira pa 9 Ogasiti 1995, ndipo gululi lidatha chaka chomwecho. Matepi aja alipobe. Mphunzitsi wa nyimbo, kapena mnyamata amene wayamba kumene kukhudza gitala, atamvera Dark Star ya mausiku awiri osiyana adzamva yekha kuti wopeka nyimbo pomwepo ayenera kuyamba waidziwa bwino, ndiponso kudziwa nthawi yokhala chete kuti mnzake amveke.