Mbale Imene Inabwerera ndi Nkhuku

Lamlungu lina m'mawa tinanyamula madengu kupita kukazonda odwala kuchipatala cha kwathu kuno. Tinalipo amayi a Dorika asanu ndi abambo awiri a m'gulu la zaumoyo. Tinaphika mpunga, nkhuku ndi masamba otendera. Pabedi lapangodya panali mtsikana amene anali atangochira mwa opaleshoni, ndipo pansi pa mkeka panakhala amayi ake, gogo wansangala zedi. Analandira mbale ndi manja awiri, nathokoza kangapo. Pamene timatolera mbale, tinapeza kuti mpunga ndi masamba adya, koma nkhuku ili momwemo osakhudzidwa.

Tili pakhonde, mmodzi wa ife anang'ung'udza kuti anthu ena ngonyada ngakhale ali pamavuto. Mayi wina amene ankadikirira wodwala wake anatimva, ndipo anati, "Amayi, agogo aja ndi Asilamu. Nkhukuyo anazinga ndani?"

Tinakhala chete, manyazi atatigwira. Ndi kangati pamene ife eni ake tabweza mbale pamaliro kapena paukwati chifukwa ndiwo zake zinali nkhumba kapena mlamba? Ndipo ndi kangati pamene tamva kuwawa anthu akutinena kuti ndife odzikonda? Tsiku limenelo tinaona kuti chimene timafuna kuti anzathu atimvetse nacho, ife sitinavutikepo kuwamvetsa nacho iwo.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17 miliyoni. Pa anthu 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo 14 ndi Asilamu. Akhristuwo sali gulu limodzi: Akatolika ndi 17 pa 100 alionse, a CCAP ndi 14, ndipo otsalawo ali m'mipingo yambirimbiri. Choncho pachitsime, pasikelo ya ana ndi m'wodi timakhala ndi anthu amene amaona chakudya, magazi ndi mankhwala mosiyana ndi ife. Amene akufuna kutumikira odwala ayenera kudziwa pamene pali kusiyanako ndi chimene chimakuchititsa.

Za m'mbale

Ife a Adventist timatsata Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14. Nyama ya miyendo inayi ikhale yogawanika ziboda ndi yobzikula, nsomba ikhale ndi zipsepse ndi mamba. N'chifukwa chake chambo ndi usipa timadya, koma mlamba, kampango, nkhumba, kalulu ndi mbewa ayi. Pamwamba pa izi pali uthenga wa zaumoyo umene mpingo unayamba kuugogomezera mu 1863, wakuti thupi ndi kachisi wa Mulungu ndipo mowa ndi fodya zisalowemo. Ngakhale pakati pathu sitifanana kwenikweni. Ena anasiyiratu nyama, ena amadya nyama yoyera, koma onsewo amakhala pabenchi limodzi pa Sabata.

Asilamu timakumana nawo pa nkhumba ndi mowa, chifukwa iwonso sakhudza zimenezi. Koma lamulo lawo lili ndi mbali ina imene ife sitiiganizira. Nyama, ngakhale ikhale ya mbuzi kapena nkhuku, iyenera kuzingidwa motchula dzina la Mulungu ndipo magazi atuluke. Nyama yotero ndi imene amati halaal. Nkhuku yathu ija inali yoyera mwa Levitiko, koma agogo aja sankadziwa mmene inaphedwera. Komanso pali zina zimene iwo amaloledwa koma ife ayi, monga kalulu ndi ngamila.

Akatolika, a CCAP, a Anglican ndi Akhristu ena ambiri amaona kuti malamulo a zakudya a m'Chipangano Chakale anali a Aisraeli ndipo anatha ntchito. Amatchula Marko 7 ndi masomphenya a Petro pa Machitidwe 10. Ife timawerenga ndime zomwezo n'kumva kuti Yesu ankanena za mwambo wosamba m'manja, ndipo Petro ankaphunzitsidwa za anthu amitundu, osati za nyama. Baibulo ndi limodzi, kamvedwe n'kosiyana. Mnansi amene amadya nkhumba sakuchita mwano dala. Akutsata zimene anaphunzitsidwa ndipo amazikhulupirira ndi mtima wonse.

Ma Rasta nawo ali ndi kadyedwe kawo kamene amakatcha ital. Ambiri sadya nyama, sadya zakudya zam'zitini, ndipo ena amapewa mchere. Pa masamba ndi zipatso tingagwirizane nawo msanga, ngakhale kuti pa nkhani ya chamba timasiyana nawo kutali.

Kusala kudya nakonso kumasiyana. Akatolika amaleka nyama Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse m'nyengo ya Lenti. Asilamu m'mwezi wa Ramadan sadya kapena kumwa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa, kwa masiku 29 kapena 30. Apa pali chinthu chimene wothandiza odwala ayenera kudziwa: chiphunzitso chawo chomwecho chimalola wodwala, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ndi munthu wapaulendo kuti asasale, n'kudzabweza masikuwo nthawi ina. Ngati mnansi wathu ali ndi matenda a shuga ndipo akumwa mankhwala otsitsa shugayo, kusala tsiku lonse kungamugwetse. Kumuuza kuti asiye chipembedzo chake sikungathandize. Chothandiza ndi kumulimbikitsa kuti aonane ndi adokotala ndiponso ashehe ake mweziwo usanayambe.

Za magazi

A Mboni za Yehova amapita kuchipatala, amamwa mankhwala, amalola opaleshoni ndipo amabayitsa ana awo katemera. Chimene amakana ndi kuthiridwa magazi. Chiphunzitso chimenechi chinakhazikika pakati pawo mu 1945, ndipo amachitenga pa Genesis 9, Levitiko 17 ndi Machitidwe 15, pamene okhulupirira akuuzidwa kupewa magazi. Kwa iwo, kulandira magazi kudzera m'mitsempha n'chimodzimodzi kuwadya. Ife timamva kuti ndime zimenezi zikunena za kudya magazi a nyama. Choncho timalandira magazi tikadwala, ndipo timalimbikitsana kukapereka magazi a Malawi Blood Transfusion Service akabwera kusukulu kapena kutchalitchi, podziwa kuti amayi otaya magazi pochira ndi ana amene malungo awathera magazi amapulumukira pomwepo.

Pamenepa sitigwirizana nawo, ndipo sitibisa. Koma tisaiwale kuti awa ndi anthu amene anavutikapo kwambiri chifukwa cha chikumbumtima chawo. Boma linawaletsa m'dziko muno mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Ambiri anamenyedwa, anawotcheredwa nyumba, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ife amene timapempha kuti ana athu asalembe mayeso pa Sabata tiyenera kukhala oyamba kumvetsa kuti chikumbumtima si chinthu chosewera nacho. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga tingamuthandize bwanji mayi wa Mboni amene ali woyembekezera? Tingamulimbikitse kuyamba sikelo msanga, kumwa mapilitsi owonjezera magazi amene amaperekedwa kumeneko, kugona m'neti, kudya nyemba, bonongwe, chisoso ndi zipatso, ndi kukachilira kuchipatala chachikulu atawauziratu madokotala maganizo ake. Mayi amene wafika pa tsiku lochira ali ndi magazi okwanira ali ndi mwayi waukulu kuposa amene wafika atatheratu.

Za mankhwala ndi katemera

Mipingo yambiri m'dziko muno imaona chipatala ngati mbali ya utumiki. Ife tili ndi Malamulo ku Thyolo. A CCAP ali ndi Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission. Akatolika ali ndi Likuni, Mua ndi Nguludi, ndipo a Anglican ali ndi St Luke's ku Malosa. Zipatala zimenezi zili pamodzi m'bungwe la CHAM, limene limathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito zachipatala m'Malawi. Tingasiyane pa tsiku lopembedza ndi pa ubatizo, koma pa bedi la wodwala tinagwirizana kalekale.

Komabe pali magulu ena, makamaka mwa mipingo ina ya Ziyoni ndi ya Atumwi, amene amaphunzitsa kuti wokhulupirira achiritsidwe ndi pemphero lokha, ndipo kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Si onse a mipingo imeneyi amene amatero, choncho tisaweruze munthu poona mkanjo wake. Palinso anthu, ena mwa iwo opemphera nafe limodzi, amene mwana akatupa miyendo ndi nkhope amathamangira kunena kuti ndi tsempho, kuti wina m'banjamo sanadzisunge. Pamene akuluakulu akufufuza wolakwa, mwanayo amakhala akufooka ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, matenda amene kuchipatala amachizika.

Ife timakhulupirira kuti pemphero ndi mankhwala sizilimbana. Timapempherera wodwala, ndipo tikati ameni timamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Mu 2015 likulu la mpingo wathu linanena poyera kuti palibe chifukwa cha chikhulupiriro choletsera katemera, ndipo linalimbikitsa mamembala kuteteza mabanja awo ndi anansi awo.

Pamene pali malire

Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Munthu wamkulu akakana nyama, akasala kudya, ngakhale akakana chithandizo atamva bwinobwino zotsatira zake, tingamudandaulire koma sitingamukakamize. Mulungu amene timamutumikira sakoka munthu ndi chingwe.

Koma mwana wa miyezi isanu ndi inayi sanasankhe mpingo. Mu 2010 chikuku chinabuka m'dziko muno, ndipo anthu oposa 130,000 anadwala, ena oposa 300 n'kumwalira, ambiri mwa iwo ana. Nthawi imeneyo kunamveka za makolo ena amene ankabisa ana awo kuti asabayidwe katemera chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo wawo. Chikuku chimafala mumpweya, ndipo kuti mudzi utetezeke pamafunika kuti ana 95 pa 100 alionse akhale atabayidwa. Banja limodzi likakana, khanda la pakhomo loyandikana limene silinafike msinkhu wa katemera limakhalanso pachiswe.

Apa ulemu sutanthauza kukhala chete. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikaona mwana akupuma mobanika, akukomoka, akutsegula m'mimba kosalekeza kapena watupa, ndipo makolo akumusunga m'nyumba, tipite tikalankhule nawo. Tipite awiri, modzichepetsa, osanyoza abusa awo kapena mapemphero awo. Tinganene kuti, "Bambo, ifenso timapemphera. Tiyeni tipemphere limodzi, kenaka tiperekezane kuchipatala." Akakana, tidziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu ndi amfumu tsiku lomwelo. Kuli bwino mnansi atikwiyire mwezi umodzi kusiyana ndi kukakumba nawo manda a mwana amene akanachira.

Zimene tasintha

Kuchokera tsiku la mbale ija, gulu lathu linagwirizana zinthu zingapo. Tisanapereke chakudya timayamba tafunsa kuti, "Kodi pali chimene simudya?" Safunsa anadya phula, ndipo funso limeneli silinakhumudwitsepo munthu. Tikamapita kwa odwala ambiri timaphika nyemba, nandolo, mazira, masamba kapena usipa, zimene pafupifupi aliyense angalandire. Pakagwa maliro a mnansi wachisilamu timafulumira, podziwa kuti iwo sachedwetsa kuika maliro, ndipo mbuzi timasiyira eni ake kuti azinge. Tisanapemphere pabedi la munthu timapempha chilolezo. Akakana, timamusiyira sopo ndi chakudya chake monga wina aliyense, chifukwa thandizo si nyambo.

Kunyumba nakonso tili ndi ntchito. Ana athu amamva mmene timatchulira anthu a zipembedzo zina tikamadya nsima madzulo. Tikamawaseka, iwonso akaseka anzawo kusukulu. Tiwaphunzitse chifukwa chimene sitidyera mlamba ndi chifukwa chimene timasungira Sabata, kuti akafunsidwa ayankhe mosachita manyazi. Tiwauzenso chifukwa chimene mnzawo sakudya masana m'mwezi wa Ramadan, kuti asamamunyadire ndi chimanga chowotcha. Kudziwa chikhulupiriro cha mnzako sikufooketsa chako. Ife taona kuti pamene tinayamba kufunsa anzathu chifukwa chimene amachitira zimene amachita, ndi pamenenso iwo anayamba kutifunsa za Sabata.

Lamlungu lotsatira tinabwerera kuchipatala kuja ndi mphika wa nyemba zothira tomato ndi anyezi. Mtsikana uja anali asanatuluke chifukwa bala linachedwa kupola. Tinagwada pafupi ndi mkeka wa agogo aja n'kupepesa kuti sabata yatha sitinafunse. Anaseka, natigwira dzanja.

"Ana anga, palibe chimene munalakwa. Munabwera, si choncho? Ena sabwera n'komwe."

Anatipatsa mdzukulu wawo kuti timunyamule, kamnyamata konenepa bwino. Tisanachoke tinawakumbutsa za masiku a katemera olembedwa m'kabuku ka kusikelo, ndipo iwo anatulutsa kabukuko m'chikwama kutionetsa kuti woyamba wabayidwa kale. Mbale ya tsiku limenelo inabwerera yopanda kanthu.