Ludzu la kuchigwa lisatinamize, kayezetseni magazi

Kuchigwa kwa Shire munthu akamamwa madzi pafupipafupi palibe amadabwa. Mu Okutobala ku Ngabu ndi ku Bangula kutentha kumapyola madigiri 40, ndiye ludzu ndi kufooka timangoti ndi dzuwa. Komatu m'menemo ndi momwe matenda a shuga amabisala. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa chaka cha 2009 adapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi nthendayi, ambiri osadziwa n'komwe.

Ena amati, "Ndikaona nyerere pomwe ndakodza m'pamene ndidzapite kuchipatala." Abale anga, shuga amayamba kutayikira mumkodzo akafika cha m'ma 10 m'magazi, pamene madokotala amati munthu wadwala mlingo ukangofika 7 m'mawa asanadye kanthu. Nyererezo zikamabwera n'kutheka kuti maso ndi impso zayamba kale kuzunzika.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Amakubayani chala, kadontho ka magazi n'kuika pa kapepala ka makina, basi yankho pompo. Chachikulu n'kupita musanalawe kalikonse kwa maola 8. Osati mwamwa tiyi wa masupuni anayi ndi mandasi awiri pamsika wa Nchalo, kenaka n'kumanena kuti makina akunama ayi.

Pali kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, komwe a WHO adakuvomereza mu 2011. Uku kumaulula momwe shuga wayendera m'thupi pa miyezi itatu yapitayo, choncho wodwala amene amasala nsima dzulo lake lokha kuti akakondweretse adokotala amagwidwa. Mlingo wake ukafika 6.5 ndiye kuti nthenda ilipo. Koma kwathu kuno kusamala n'kofunika, pakuti malungo ndi kuchepa kwa magazi, zomwe n'zosasowa m'mbali mwa Shire, zimasokoneza zotsatira zake. Ngati mwadwala malungo posachedwa, auzeni adokotala asanakutengeni magazi.

Inu a geni amene mwagulira mayi anu makina ku Limbe, mwachita bwino, koma timapepala take timaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Kabotolo kakakhala pawindo la nyumba ya malata ku Nsanje, manambala ake musawakhulupirire. Katsekeni bwino, kasungeni pamthunzi, ndipo popita ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje muzinyamula makinawo kuti akawafananize ndi awo.